Tinthu Tamdima ta a Lingson

A Lingson anali atavala kale nsapato, njinga ili pakhomo, pamene sipika inalira kuchipinda: tha!

Anavulanso nsapatozo.

Aphunzitsi a sayansiwa anachokera ku Lilongwe, ndipo Phalombe ankamuyesa chilango. Chowatonthoza chinali ku Chiringa, pamowa wa Zelifa, komwe malipiro ankathera. Anthu ankanong'ona kuti sankatsata mowa wokha. Akazi awo, a Beatrice, anadandaula mpaka mawu anatha, banja lili pafupi kupasuka.

Kenako bambowo anawerenga kuti mlengalenga mwadzaza tinthu tamdima, tosaoneka, todutsa khoma ndi thupi la munthu popanda odi. Mwa apo ndi apo kamodzi kangagunde elekitironi, kanthu konyamula magetsi, n'kuigwedeza. Akatswiri amadikirira kugwedezekako pansi pa mapiri, koma sanakuonebe. A Lingson anayang'ana Mulanje kuseri kwa nyumba n'kuseka. Iwo phiri anali nalo laulere.

Anakulunga kamera ya foni yakale ndi tepi yakuda, n'kuitsekera m'chitini cha penti, n'kulumikiza ku batire ndi sipika. Wailesi ndi ayironi anazithamangitsa m'nyumbamo kuti zisasokoneze. Chinapulumuka ndi chophera udzudzu cha magetsi, pakuti ngakhale wasayansi amaopa malungo.

Chitini chinangoti zii. Loweruka lina a Lingson akutuluka, tha!

"Mayi a Favour, mwamva? Azungu aphonya, ine ndagwira!"

"Za malekitironizo ine ndizidziwira kuti?" anayankha a Beatrice. "Kaya ndi mizimu ya m'phirimu."

A Lingson anawamvera chisoni. Kusaphunzira n'koipa.

Posakhalitsa anatulukira kuti tinthuti timakonda Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi. Anafotokozera aphunzitsi anzawo kuti nthawi zimenezo dziko limadutsa m'mphepo ya tinthu tamdima, ndipo kuti ku Lilongwe adzabwerera pa galimoto ya boma. Ndani angasiye mwayi wotere chifukwa cha botolo? Zelifa anatumiza moni, sanayankhidwe. Kutchalitchi anthu anayamikira sayansi.

Lero ludzu linawagwiranso, koma chitini chinawaitana. Anakhala pansi, nsapato m'manja, khutu pa sipika.

Kuseri kwa khoma la chipindacho, a Beatrice anakhudzitsanso supuni pa mawaya a chophera udzudzu chija, sipika n'kuti tha! N'kuchipachika pamsomali. Malipiro anali atalowa m'mawa womwewo.