Munda wa Alamu

Make mapasa anaponya khasu pansi n'kusuzumira kuseri kwa mpanda. Amuna ake anali komweko, m'munda wa mlongo wawo, malaya atavula, akulimbana ndi chitsa. Linali tsiku lachinayi sabata imeneyo.

Kwake kuno chilandamunda chinali chitafika m'chiuno. Ndi chitsamba chija chaminga, cha timaluwa tokongola ndi tizipatso takuda. Chikalowa m'munda udzu umafa, mbuzi zimadwala, nkhanga ndi agwape amasamuka. Ukachidula chimaphukanso. Chimafuna kuzula ndi mizu yomwe, kuunjika, n'kutentha tizipatso tisanagwere pansi. Ndi ntchito ya anthu awiri. Iye ankaigwira yekha, pamiyala, mapasa akulira pamthunzi.

Munda wa alamu akewo, amene anali namwino pachipatala, unali wosiyana. Dothi lakuda, kasupe pakati, mkuyu waukulu m'mphepete. Minga yonse inali itapsa kale. Nkhanga zinali zitabwerera. Gwape wamng'ono ankabwera m'mawa kudzamwa m'beseni lakale limene namwinoyo anakwirira pansi pa mkuyu. Mlangizi wa zanyama anali atanena kuti munda umene udzapezeke woyera mvula yoyamba ikagwa udzalandira ming'oma khumi ya njuchi. Aliyense ankadziwa kumene ming'omayo ikupita.

"Alamu!" namwino anaitana, akupukuta thukuta. "Tabwerani mundithandize nzeru. Ming'oma ingakhale bwino pati, kumunsi kuno kapena kuseri kwa mkuyu? Ndikuopa mapasa angamalumidwe."

"Ikani pomwe mwakonda," anayankha make mapasa. "Njuchi n'zanu, achimwene ndi anu. Ine changa ndi minga."

Namwino anaseka, n'kuyang'ana achimwene ake. Iwo anagwetsa nkhope, akumwetulira. Kuyang'anana kumeneko kunamuwawa make mapasa kuposa minga imene inali m'zala.

Madzulo, akutsuka mbale, sanapite m'mbali.

"Bambo a mapasa, munakwatira ine kapena munda wa alongo anu?"

"Dikirani pang'ono, mayi. Muona."

"Ndione chiyani? Maso ndili nawo. Ndikuona kale."

Mawa lake anakumana ndi namwino akuchokera kugolosale, atasenza makatoni opanda kanthu. Onani anthu amwayi, anatero mumtima. Njuchi sizinafike, koma mosungira mabotolo a uchi akonza kale.

Loweruka anthu onse anapita kumaliro kutsidya. Iye anatsala chifukwa mmodzi wa mapasa anali atatentha thupi. Ana atagona, dzuwa lili paliwombo, anatenga ndowa yotungira madzi n'kulowa m'munda mwake. Sanatenge khasu. Anapulula tizipatso takupsa ndi manja, nthambi ndi nthambi, mpaka ndowa inafika pakati. Zala zinatuluka magazi koma sanamve.

Anadutsa pampata wa mpanda. Dothi linali lofewa, lotembenuzidwa bwino ndi khasu la amuna ake omwe. Anafesa ngati akufesa mawere, mzere ndi mzere, dzanja likupita likubwera. Kuzungulira kasupe anathira zambiri. Pansi pa mkuyu anakhuthula zotsala. Gwape uja anadzutsa mutu m'maudzu, anamuyang'ana kamphindi, n'kuthawa.

Ndowa anaitsuka kawiri. Mtundu wakuda pansi pake unakana kuchoka, choncho anaivundikira kuseri kwa bafa.

Mvula inagwa Lachiwiri, yabwino, yolowa pansi. Inagwanso. Patapita masabata angapo munda wa namwino unabiriwira wonse ndi timbande tating'ono tothinana ngati tsitsi la mwana.

Mlangizi anabwera panjinga, kope lili m'thumba. Make mapasa anaima pampanda, mwana kumsana, wina m'manja, ngati wangotulukira mwangozi. Mlangizi anagwada, anazula kambande kamodzi, anakafikisa m'manja n'kununkhiza. Anapukusa mutu, n'kuyang'ana namwino.

"Ndi chilandamunda chomwe chija, mayi. Mbewu yake yadzaza m'nthaka. Mukayamba lero, muzula zaka zitatu. Ming'oma ipita kwina, ndipo nkhanga zanuzi musazidalire."

"Koma tinatentha zonse!" anatero bambo a mapasa. "Ndi manja angawa. Palibe kachipatso kamene kanagwa."

"Ndiye kaya," anatero mlangizi, n'kutseka kope.

Make mapasa anamva mtima kuzizira bwino, ngati wamwa madzi a mumtsuko. Miyezi yonseyi sanapumepo chonchi. Tsopano aliyense ndi minga yake. Tione ngati kuseka kuja kupitirire.

Namwino anakhala pachitsa nthawi yaitali, nkhope ili m'manja. Kenako anadzuka, anapisa m'chikwama, n'kulunjika kumpanda. Maso anali ofiira. Make mapasa anakonza nkhope yachisoni, mawu opepesa ali kale pamilomo.

Namwino ndi amene anayamba.

"Pepani alamu, ndakukhumudwitsani. Andisamutsa kuntchito, ndikunyamuka Lolemba, makatoni ndamanga kale. Ndinawauza achimwene kuti asakuuzeni mpaka mundawu uyere. Sindinkafuna kukusiyirani munda waminga, inu muli ndi ana awiri m'manja."

Anamupatsa mapepala awiri, la munda ndi la ming'oma. Onse anali m'dzina la make mapasa, osainidwa mvula isanagwe.