Msomali Wotsala Pabalaza

Panali munthu wina, mtsikana wojambula zithunzi ndi penti, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti amamudziwa. Luso anali nalo, koma makutu analibe.

Amayi ake akudwala matenda omaliza, iye anawajambula atakhala pampando wa pakhonde, akumwetulira chammbali. Mafoto awo onse anali atawonongeka kale denga litadontha, choncho nkhope yawo inangotsala pachithunzicho. Maliro atatha, bambo ake anachipachika pamsomali pabalaza. M'mawa uliwonse ankachipatsa moni: "Mwadzuka bwanji, amake mwana?"

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa suti, wotolera zithunzi za ojambula amakono zokagulitsa pa okushoni, kumene ogula amapikisana potchula mtengo. Anadutsa zithunzi zina zonse n'kukaima pa cha amayi.

"Chimenecho si chogulitsa," anatero mtsikanayo.

"Ndani wati mugulitse, achemwali? Tingochiikira mtengo woti palibe angaufike. Anthu achione, dzina lanu limveke, madzulo mubwere nacho kunyumba. Anzanu otchuka onse amatero."

Bambo ake anamva zonse. "Mwanangu, amako si a pamsika. Asiye pomwe alipo."

"Ababa, inunso! Abwera lero lomwe."

Mtsikanayo anachitsitsa pamsomali n'kupita nacho ku okushoni. Holo inadzaza. Zithunzi za anzake zinkatuluka chimodzichimodzi, zina n'kugulidwa, zina n'kubwerera. Atatulutsa cha amayi, maso onse anali pa icho. Kenako manja anayamba kukwera. Mayi wina wa kampani yogulitsayo, foni ili kukhutu, ankakweza dzanja m'malo mwa wogula wosaoneka. Mtengo uja woti palibe angaufike anaudumpha ngati ngalande. Wogulitsa anamenya kanyundo patebulo. Anthu anawomba m'manja.

Mtsikanayo anathamangira kwa wa suti uja.

"Kanyundo kakalira, zatha, achemwali. Munavomera nokha."

"Ndiuzeni wagula ndani, ndikamugwadire!"

"Wogula pafoni sitimutchula. Ndi lamulo."

Atafika kunyumba chimanjamanja, anati ajambula china, poti dzanja ndi lomwelo. Anajambula mpando, anajambula mapewa, koma nkhope inamuvuta. Anakakamiza mpaka kumaliza, n'kuchipachika. Bambo ake anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi awa ndi ndani?"

Mtsikanayo anachitsitsa. Anajambula china, nachonso chimodzimodzi. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti akamayesayesa, nkhope ya amayi ake inkangofufutikirabe m'mutu mwake. Akatsinzina ankaona mpando, duku ndi manja basi.

Bambo ake sanamukalipire. Anangomufunsa kamodzi kokha: "Amako tinawaika koyamba, manda ndikuwadziwa. Nanga ulendo uno wakawaika kuti?"

Akuti mpaka lero mtsikanayo saphonya okushoni. Amakhala kumbuyo kwenikweni, sagula, sagulitsa, amangodzuka pang'ono akamatulutsa chithunzi chilichonse, n'kukhalanso. Kuchipinda kwake kwadzaza zithunzi za mayi wokhala pampando wa pakhonde, zonse zopanda nkhope. Ndipo m'mawa uliwonse bambo ake amaima pabalaza, kuyang'ana msomali uja, n'kuupatsa moni. Akatero amaima kaye, kudikira yankho.

Phunziro: Chinthu chimene simukufuna kugulitsa musachitengere pamsika, ngakhale wina akulonjezeni kuti chikangoonedwa chabe. Mlendo amadziwa mtengo wake, koma amene angasowe tulo chikapita ndi inu. Makolo akati siyani, siyani. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka ojambula, asanatsitse chili pakhoma.