Khwangwala ndi Zigoli za Atsikana a Njiri

Padangotero, nyama zinali ndi bwalo la mpira pansi pa mlambe, ndipo wolengeza masewero anali Khwangwala, mbalame yonyadira khosi lake loyera. Akafuula ali pamwamba pa mtengowo, mawu ake ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Tsiku lina atsikana a Njiri anagonjetsa atsikana a Mbawala pa ndime yomaliza. Khwangwala anayamba kuwanyoza, dziko lonse likumva. "Taonani akazi akuda bii ngati makala awa. Chikho adzachita nacho chiyani? Apatseni mtondo akasinje."

Afisi okha ndiwo anaseka. Kutacha, nkhani inali ponseponse, kumadzi ndi m'mauna momwe. Mayi Njovu anasonkhanitsa nyama pabwalopo n'kugwedeza mlambe mpaka Khwangwala anatsika.

"Ngati alipo amene wakhumudwa, pepani," anatero Khwangwala akukonza nthenga. "Zinali nthabwala chabe."

Nachisale, kaputeni wa Njiri, anayandikira akumwetulira. "Pepani wanuyo sungani, achimwene. Mungotiuza kuti tinamwetsa zigoli zingati, ndipo anamwetsa ndani."

 Masewero onse aja Khwangwala ankangoyang'ana khungu la osewera, mpira sanauone n'komwe.

"Khwaa... khwaa..." anachita chibwibwi.

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo ntchito ija anaipereka kwa Pumbwa, yemwe ankadziwa wosewera aliyense ndi dzina. Mpaka lero Khwangwala akamauluka amangoti "khwaa", akufunafunabe yankho. Yanga nthano yagonera pomwepa.