Bulashi Yanga ndi Mabelo a Udzu

Belo lomaliza la sayileji, udzu wosungira ng'ombe, litagwa kumbuyo kwa thirakitala, adadi anatembenukira kwa mng'ono wanga, osati kwa ine.

"Asanu ndi limodzi pa ekala. Walasa, mwana wanga!"

Ine ndinali nditalosera khumi, mokweza, mpaka adalaivala anamva. Chaka chatha anatuluka khumi, ndipo manambala pa pulasitiki yakuda yokulungira mabelo ndinalemba ndine. Ndani anandiuza kuti udzu ukadulidwa msanga, usanakhwime, mabelo amachepa? Mwana woti mpaka pano amathawa ng'ombe, anangolowa m'munda dzulo n'kuona kuti udzu ukumulekeza m'mawondo, basi lero ndi katswiri.

"Wolasa ndiye alembe manambala," anatero adadi, n'kumupatsa bulashi yanga. Yangatu, ya chogwirira chofiira ija.

"Achemwali, tandigwirireni chitini cha penti," anatero mng'ono wangayo, mano onse pamtunda.

Ndinagwira. Pa belo loyamba analemba 1 wopendama ngati waledzera, penti n'kuyenderera mpaka pansi. Ndinatsokomola dala kuti adadi aone.

Anaona ndithu, n'kumuuza mng'ono wangayo:

"Koma ndiye dzanja uli nalo, iwe!"