Mzere wa Inki pa Mwendo wa a Telala

Mawu akuti "kudwazika" ambiri amawagwiritsa ntchito molakwika. Kudwazika ndi kusamalira wodwala: kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi. Sikumuyankhira mafunso, ndiponso sikumusankhira zochita ngati kuti matenda amudula lilime.

Panali munthu wina wachikulire amene onse ankangomutchula kuti a Telala. Ankasoka pa makina opalasa ndi phazi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, ndipo anali ndi matenda a shuga. Tsiku lina anaponda pini. Chilondacho chinakana kupola mpaka kachala kakang'ono ka kuphazi kanayamba kuda, ndipo anawagoneka m'chipatala.

Wowadwazika anali mwana wawo wamkazi woyamba, yemwe iwo anamupatsa dzina lakuti Kapitawo akadali kamtsikana, chifukwa cha kulamula abale ake. Dokotala akafunsa pamene pakupweteka, Kapitawo ndiye ankayankha. Akafunsa ngati chakudya chikulowa, Kapitawo yemweyo. Kenako ankakokera dokotalayo panja n'kutseka chitseko. A Telala ankawaonera pa galasi la chitsekocho: milomo ikuyenda, dokotala akuloza pansi, Kapitawo akupukusa mutu. Akabwerera ankangoti, "Akuti zonse zili bwino, bambo."

Mumtima a Telala ankati zabwino sanong'onezana.

M'mawa wina namwino anatenga cholembera n'kuwajambula mzere wa inki kuzungulira mwendo, pakati pa kakolo ndi bondo. A Telala atafunsa tanthauzo lake, Kapitawo anamulanda namwinoyo mawu pakamwa, nati n'zachipatala zimenezo, iwo azingopuma. A Telala sanafunsenso. Moyo wawo wonse anali akujambula mizere ya choko pansalu, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi: pamene pajambulidwa mzere ndi pamene pamadutsa sizasi. Kuyambira pamenepo anayamba kukayikira aliyense. Namwino akamwetulira, ankati akuwamvera chisoni. Kapitawo akawabweretsera zipatso, ankati akuwanyengerera ngati mbuzi yopita kokaphedwa.

Pa nthawi yoona odwala kunkabwera bambo wina wovala jekete yotuwa, amene ankayenda bedi ndi bedi popanda wodziwa kuti m'bale wake ndi uti. A Telala anamukayikiranso ameneyu, chifukwa mapewa a jeketeyo anali ogwa, umboni wakuti sinasokedwere iye. Komabe tsiku lina munthuyo anakhala pansi pambali pawo, nawayang'ana m'maso, nawasiya afotokoze zonse osawadula.

"Nanga inuyo mukufuna chiyani, achimwene?" anafunsa.

Chilowereni m'chipatalamo, palibe anali atawafunsapo funso limenelo.

"Ndikufuna mwendo wanga," anayankha. "Ndi umene umandidyetsa."

Wajeketeyo anasuzumira mzere uja, napumira m'mwamba. Anati mizere yotere waiona yambiri, ndipo eni ake onse akuyendera ndodo. Koma iye ali ndi mankhwala omata amene amapoletsa chilonda chilichonse. Masana amenewo, Kapitawo atapita kukatsuka mbale, a Telala anavala nsapato imodzi n'kutuluka naye.

Wajeketeyo anakawasunga m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ina. Ankawamata phala lakuda pachilonda n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki, ndipo anawaletsa mankhwala a shuga, ati amatsutsana ndi ake. Phazi litayamba kununkha, anati ndiye kuti poizoni akutuluka. Thupi litatentha mpaka a Telala kuyamba kubwebweta, wajeketeyo anapita kukatenga mankhwala ena, ndipo sanabwerenso. Makaniko wa pagalajapo ndiye anamva kubuula, nathyola chitseko, nawabwezera kuchipatala.

A Telala atatsitsimuka, dokotala anakhala pambali pa bedi. Kapitawo atatsegula pakamwa, dokotalayo anakweza dzanja, nati lero alankhula ndi mwini thupi. Anavomereza kuti analakwa kusatero poyamba pomwe. Anafotokoza kuti mzere uja unali wongoonera ngati kutupa kukukwera kapena kukutsika. Njira zinalipo ziwiri: kuyesa kaye majakisoni amphamvu, kapena kuchotsa kachala kakuda kaja. Koma mwana wawo anapempha kuti asauzidwe kanthu, ati mtima wawo ndi wofooka, adzawauza yekha tsiku likakwana.

"Kachala kokha?" anafunsa a Telala.

"Kokha, bambo. Koma tsopano kuwola kwakwera. Tikausiya mwendowu, moyo wanu uli pangozi. Tikaudula m'munsi mwa bondo, mukhala ndi moyo. Wosankha ndinu."

A Telala anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kachala kameneko ndikanapereka ndi manja awiri, Kapitawo."

"Ndinkaopa kuti mukamva muthawa, bambo," anatero misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye ndinathawa chifukwa sindinamve."

A Telala anafunsa dokotala mafunso ambiri, la ululu, la ndodo, la mwendo wopanga, ngakhale lakuti makina a magetsi angathe kuwayendetsa bwanji. Atayankhidwa onse, anavomera ndi pakamwa pawo. Mwendowo unadulidwa pa 9 Okutobala 2018.

Phunziro: Wodwala amene ali ndi nzeru zake auzidwe zoona ndipo afunsidwe chimene akufuna, pakuti mukamubisira amadzipekera yankho loopsa kuposa choonadi, ndipo wakuba amalowera pa khomo limene achibale asiya. Inunso odwala, safunsa anadya phula: funsani dokotala mwiniwake mpaka mumvetse. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene akudwazika kholo lake, ndipo muitumize yathunthu, osaidula mawu.