Wometa Woika Anthu Amoyo M'manda

A Lezala anali atangomaliza kuika m'manda wokonza njinga pamene mwini wakeyo anadutsa pakhomo pa babashopu atakoleka tayala m'khosi. Anasuzumira, n'kupitirira osapereka moni.

Zonsezi anayambitsa ndi mwana wawo wamkazi, uja wa sukulu zambiri. Anawatsegulira bulogu pa foni n'kuwauza kuti, "Adadi, muzilemba tsiku lililonse, luso limabwera ndi chizolowezi. Bola muzidandaulira foni kusiyana n'kumatisokosa ife." Ulemu wa ana a masiku ano ndi umenewo.

Poyamba analemba za makina ometera, za mfundu, za anyamata ofuna mameto ooneka ngati mbuzi yawadya mutu. Kenako nkhani zinatha. Tsiku lina anapita kumaliro a mbava yodziwika, ndipo anamva anthu akuitamanda ngati mngelo. Anaona kuti bodza lokoma chonchi likungowonongekera pa munthu woti sakumva. Kuyambira pamenepo ankalemba mbiri ya malemu ya munthu wamoyo, mmodzi pa tsiku, aliyense wa mumsewu wawo. Telala, amene amasunga nsalu ya munthu mpaka mwini wake atanenepa, anakhala "malemu osunga nthawi." Dalaivala wa minibasi "sanapondepo ngakhale nyerere." Dzanja linazolowera. Mwana uja sananame: ukanama tsiku ndi tsiku, umafika pochita bwino.

Mavuto sanachedwe. Azichemwali a wogulitsa nyama anawerenga kumene amakhala, anakwera basi akulira, n'kudzapeza malemu akudula chiwindi. Mkwiyo wonse anakautsitsira pakhomo pa babashopu, msewu wonse ukuonerera. Lamlungu abusa analalikira za anthu oitana imfa ndi foni. Kunyumba akazi awo anangoti, "Akakuthamangitsani pamalopo, mpando wanuwo mukanyamule nokha."

Wothamangitsayo aliyense ankamudziwa. Mayi Landilodi, eni mzere wonse wa mashopu, anachotsapo wosoka nsapato chifukwa choimba mluzu. Phokoso pamalo pawo sankalifuna. Iwowa a Lezala anali asanawalembepo. Ankawaopa, komanso ngakhale wabodza ali ndi polekezera. Kachipinda kameneka, ka galasi long'aluka ndi benchi yotsimphina, ndiko kokha anali nako. Pa msinkhu wawo, ndani angawapatse kena?

Ndiye kunayamba kubwera akazitape. Amuna adazi, opanda n'katsitsi komwe, ankakhala pampando kuti awamete, kwinaku akufotokoza mmene amathandizira ana amasiye. Mayi wina anabwera kudzangofunsa mtengo, n'kutha ola lathunthu akunena za kwaya imene anayambitsa. A Lezala si mwana. Anadziwa kuti onsewa atumidwa kudzawatapa m'kamwa. Ankangoyankha kuti "Ehe," makina ali pamutu wopanda kanthu.

Masana a tsiku limene anaika wokonza njinga uja, foni isanabwerere n'komwe m'thumba, pakhomo panada. Anali Mayi Landilodi, chikwama m'khwapa, loko wamkulu m'manja.

"Tulukani kaye," anauza wadazi amene ankadikira pabenchi. Anatuluka mothamanga, chipewa n'kuchiiwala.

A Lezala anapukuta mpando ndi thaulo. "Khalani, mayi."

"Sindinabwere kudzameta."

"Ngati ndi za phokoso lija, anthu aja ndi osaphunzira, mayi. Ine ndinalemba pansi pake kuti munthuyo akadali moyo."

"Ndawerenga zonse, a Lezala. Kuyambira yoyamba."

A Lezala anayang'ana galasi, benchi, msomali wokolekapo malaya, n'kuyamba kuganiza kuti ndi ngolo ya ndani imene ingawanyamulire zimenezi anthu asakuona.

"Ndi mwana anandiphunzitsa zimenezi," anatero. "Ndisiya lero lomwe. Ndifufuta zonse inu mukuona."

"Mufufuta chiyani?" Mayi Landilodi anamenyetsa loko patebulo, zipeso n'kudumpha. "Telala mwamuika. Wanyama mwamuika. Ngakhale wa saluni uja, mkazi wamwano ngati uja, mwati anali mayi wa aliyense. Anthu onsewa amakhala m'nyumba zanga!"

"Pepani, mayi."

"Ndiye ine mwandiona kuti ndine wosayenera kufa? Mawa kukamacha ndikhale nditamwalira, ndipo anthu alire mokwanira. Apo ayi, loko ndi ameneyu."