Msamuko Womaliza

"Mbewuyo tsitsani bwino," anatero a Lourenco boti litangofika pachilumba. Anathawa nkhondo ku Mozambique ali mwana, kenako madzi osefukira anawagwetsera nyumba kawiri ku Makanjira. Tsopano anali atanyamula mbuzi, makasu ndi chimanga cha chaka chathunthu.

"Ndatopa nako kusamuka, Lusia," anauza mkazi wawo. "Pano ndi pokwera, madzi sangafike. Botili sindidzakweranso."

Mwini boti, a Saidi, anapukuta thukuta. "Mudzakwera, achimwene. Kuno dothi ndi lochepa, pansi pake ndi mwala wokhawokha. Chinangwa chimabereka, koma manda sakumbika. Maliro onse timawolotsera ku Makanjira."

A Lourenco anakhala pathumba la chimanga, maso ali tsidya lomwe anachokera.

"Chabwino," anatero. "Koma tsiku limenelo mudzayendetse pang'onopang'ono."